Nkhosa za malume zabwera kwa ine: kodi ndiziwete ngati mbuzi?

Mlimi wa ku Mchinji

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino. Malume anga atatisiya chaka chatha, abale anagwirizana kuti nkhosa zawo zisanu zibwere kwa ine, popeza ndine mphwawo wamkulu ndiponso ndine ndekha amene ndili ndi khola. Zinabwera zazikazi zinayi ndi yamphongo imodzi, zonse za makolo, za mchira wonenepa uja. Ine ndaweta mbuzi kwa zaka zoposa khumi, choncho sindinaone chovuta chilichonse. Ndinangozisakaniza ndi mbuzi, ndipo mnyamata amene amandiwetera amazitulutsa m'mamawa kupita nazo kudambo.

Mwezi wa February yaikazi imodzi inafa. Kwa masiku awiri inkangotsalira m'mbuyo pobwerera kukhola, ndipo kunsi kwa chibwano chake kunatupa lendelende ngati kathumba ka madzi, koma sinalire ngakhale kamodzi, mwakuti ine ndinkayesa kuti yalumidwa ndi mavu basi. Titaisenda tinapeza nyama yake yoyezuka ndi yamadzimadzi. Tsopano mayi a kunyumba akuti ndigulitse zotsalazi ndigule mbuzi, chifukwa pamsika wathu anthu safunsa nyama ya nkhosa. Ndisanatero ndati ndimve kwa inu odziwa: kodi ndinalakwitsa pati, nanga nkhosa ili ndi phindu lanji pakhomo pa mlimi wamng'ono ngati ine?

Mlangizi wopuma wa ku Ntcheu

Pepani bambo ndi imfa ya malume anu, pepaninso ndi nkhosayo. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za nyongolotsi zoyamwa magazi, makamaka mtundu umene m'mabuku umatchedwa Haemonchus contortus. Ndi tinyongolotsi towonda ngati ulusi, totalika masentimita awiri kapena atatu, timene timakhala m'chifu chachinayi cha nkhosa. Mukanang'amba chifu chomalizacho n'kuyang'anitsitsa, mukanationa tili nyakanyaka, ndipo tatikazi timaoneka ngati ulusi wofiira wopotedwa pamodzi ndi woyera. Kanyongolotsi kamodzi kakakazi kamaikira mazira masauzande angapo pa tsiku, mazirawo amatuluka ndi ndowe, ndipo m'dzinja, pamene kuli chinyezi ndi kutentha, amaswa msanga n'kukwera pa udzu.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa nkhosa ndi mbuzi. Mbuzi ikapeza mpata imadya ili chiimire, kubudula masamba a zitsamba ndi mitengo, pamene nkhosa imadya itaweramitsa mutu. Mlomo wake wam'mwamba ndi wogawikana pakati, motero imatha kumwetula udzu mpaka pafupi ndi nthaka, ndipo mphutsi za nyongolotsizi zimachulukira pomwepo, m'munsi mwa udzu, makamaka mame asanaume. Mnyamata wanu akamatulutsa ziweto mbandakucha kupita nazo pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, ndiye kuti nkhosazo zikudya mphutsi zochokera m'ndowe zawo zomwe. Kudamboko kulinso vuto lachiwiri, la nyongolotsi zaphwatalala za m'chiwindi zimene zimadzera mu tinkhono ta m'madzi, ndipo nazonso zimatupitsa kunsi kwa chibwano.

Mawa m'mawa mugwire nkhosa iliyonse pamalo owala, mukokere pansi chikope chake cham'munsi, muone mtundu wa m'kati mwake. Mukakhala mofiira bwino ndiye kuti magazi alimo, koma mukakhala moyezuka, kapena moyera ngati pepala, nkhosayo ikufunika mankhwala tsiku lomwelo. Njira imeneyi inakonzedwa ku South Africa ndipo imatchedwa FAMACHA, potengera dzina la dokotala wa ziweto Faffa Malan.

Mayi wa ku Dedza

Bambo a ku Mchinji, mukawauze mayi a kunyumbako kuti ayambe afatsa. Ine ndili ndi nkhosa khumi ndi ziwiri, ndipo chimene ndinazikondera poyamba si nyama ayi, koma mtendere ndi anansi. Pamene ndinkaweta mbuzi, dzinja lililonse ndinkakhala pabwalo la amfumu kulipira chimanga cha eni ake, chifukwa mbuzi ikadula chingwe palibe mpanda umene ungaitchinge. Nkhosa sizikwera mpanda, ndipo zimayenda pamodzi, mwakuti mwana mmodzi amatha kuziweta zonse malinga atsogoze yaikazi yaikulu imene zinzake zimaitsatira.

Phindu lina ndi manyowa. Khola langa ndi lam'mwamba, ndowe zimagwera pansi, ndipo ndimazikokolola n'kuziunjika pamthunzi pamodzi ndi mapesi ndi zinyalala kuti ziwolerane. Ndi zimene ndimathira ku mbatata ya kachewere ndi kudimba la kabichi, ndipo feteleza ndimagula wongobereketsera. Ndimazilowetsanso m'munda wa mapichesi kuti zidye udzu wa pansi, ntchito imene kale ndinkalembera aganyu. Chenjezo langa n'lakuti timitengo tating'ono muzititchinga, pakuti msipu ukachepa nazonso zimakungudza makungwa.

Agogo a ku Dowa

Ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, popeza maso anga sakuonanso bwino pafoni. Ife tikukula, nkhosa sinali chiweto cha munthu wamba aliyense, ndipo pakhomo pokhala nkhosa pankapatsidwa ulemu. Akuluakulu ankatiuza kuti nkhosa yamphongo imalimbana ndi mphenzi, ndipo mvula ya mabingu ikamabwera ankatiletsa kuima pafupi nayo. Mchira wake sitinkataya. Amayi ankaudula tizidutswa, n'kuusungunula mumphika, mafutawo n'kuwasunga m'kansupa. Ena ankathira m'ndiwo, ena tinkadzola m'ming'alu ya kumapazi nthawi ya chisanu. Koma chimene chinkatidabwitsa anafe ndi chimene mwanena inu bambo, chakuti nkhosa silira. Mbuzi ukangoigwira mwendo mudzi wonse umadziwa, pamene nkhosa imapita kokaphedwa ili duu, n'chifukwa chake ena ankati ndi nyama yopusa.

Wophunzira za ziweto ku Bunda

Agogo, zikomo chifukwa cha mbiri imeneyi, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiikire kumbuyo nkhosa pa mlandu wa kupusawu. Makolo a nkhosa anali nyama zam'tchire za kumapiri a ku Middle East, kumene anthu anayamba kuziweta zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Nyama imene ilibe mano olumira kapena zikhadabo, ikaonetsa kuti yadwala imakhala yoyamba kugwidwa ndi chilombo, choncho nkhosa inazolowera kubisa ululu ndi kudzikakamiza kuyenda ndi zinzake mpaka mphamvu zitatheratu. Tanthauzo lake kwa mlimi n'lakuti nkhosa imene yayamba kutsalira m'mbuyo, monga inachitira ya bambo a ku Mchinji, yadwala kale masiku ambiri.

Pankhani ya nzeru, akatswiri a ku Babraham Institute, pafupi ndi Cambridge ku England, anafalitsa mu 2001 zotsatira za kafukufuku woonetsa kuti nkhosa imatha kuzindikira nkhope za nkhosa zinzake 50 ndi kuzikumbukira kwa zaka ziwiri. Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Cambridge anaonetsanso kuti nkhosa zimazindikira nkhope ya munthu pachithunzi. Mukayang'ana diso lake mudzaona kuti mboni yake ndi yopingasa, osati yozungulira ngati yathu, ndipo zimenezi zimaithandiza kuona mbali zonse ziwiri mpaka cham'mbuyo popanda kutembenuza mutu. Chimene siichita bwino ndi kuyeza kuya kwa malo amene ali patsogolo pake, n'chifukwa chake imakana kulowa m'khola lamdima kapena kudumpha kangalande kamene mbuzi singakaganizire n'komwe. Munthu wosadziwa amaikwapula poyesa kuti ikuchita makani.

Za mphenzi, chimene ndingatsimikize n'chakuti mvula ikayamba nkhosa zimaunjikana malo amodzi, kawirikawiri pansi pa mtengo, ndipo mphenzi ikagwa pamenepo imatha kupha zambiri nthawi imodzi. Choncho lamulo la akuluakulu loletsa ana kuima nazo pafupi linali lothandiza ndithu, ngakhale kuti chifukwa chimene ankapereka chinali china.

M'bale wa ku Eastern Cape

Moni akwathu. Ine ndakhala ndikugwira ntchito pa famu ya nkhosa kuno ku South Africa kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikamva munthu akufunsa za phindu la nkhosa ndimaseka, chifukwa kuno mabanja athunthu amadya za nkhosa zokhazokha. Mtundu umene timaweta kwambiri ndi Merino, umene unachokera ku Spain ndipo unafika ku Cape mu 1789. Chuma chake ndi ubweya. Nthawi yometa ikafika kumabwera magulu a anthu ometa, ambiri mwa iwo ochokera ku Lesotho, ndipo munthu waluso amamaliza nkhosa imodzi m'mphindi zochepa, ubweya wonse n'kuchoka uli umodzi ngati bulangete. Ife timauyala pathebulo, kuchotsa wakuda wa kumimba ndi kumiyendo, kenaka wodziwa kusankha amaugawa m'magiredi usanapakidwe m'mabelo opita ku Gqeberha, kumene kale kunkatchedwa Port Elizabeth, kumene kumachitikira malonda a ubweya.

Chimene chinandidabwitsa sabata yoyamba n'chakuti manja anga, amene anali okhakhala ndi khasu, anasalala ngati a mwana. Ubweya uli ndi mafuta otchedwa lanolin, ndipo akamautsuka kufakitale amawapatula n'kuwagwiritsa ntchito popanga mafuta odzola ndi mankhwala a pakhungu. Agogo a ku Dowa sanalakwitse kudzola mafuta a nkhosa m'ming'alu, ngakhale kuti awo anali a kumchira. Koma dziwani kuti ubweya wa Merino suthothoka wokha, umangokulirakulira. Ku Australia mu 2015 anapeza nkhosa imene inasochera kwa zaka zingapo pafupi ndi Canberra, ndipo atayimeta ubweya wake unalemera makilogalamu oposa 40, moti inkalephera n'kuyenda komwe.

Sindikukulangizani Merino, achimwene, popeza kwathu kulibe ometa kapena msika wa ubweya, ndipo chinyezi cha m'dzinja chingaivutitse. Koma mutapeza mphongo ya Dorper, ija ya thupi loyera ndi mutu wakuda, mungaone kusintha. Mtundu umenewu unapangidwa konkuno m'zaka za m'ma 1930 pokweretsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, sufuna kumetedwa kwenikweni chifukwa umathothola wokha, ndipo ana ake amakula msanga ndi kuika nyama yambiri kumbuyo.

Mlangizi wopuma wa ku Ntcheu

Achimwene a ku Eastern Cape, zonse mwanena za Dorper n'zoona, koma pa khola la bambo awa sindikugwirizana nanu, makamaka pa nthawi ino. Dorper inapangidwira madera ouma ngati Karoo, kumene nyongolotsi sizichuluka monga zimachitira m'madambo athu. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ndinaona alimi angapo akugula mphongo zokongola pamtengo wokwera, ndipo dzinja lachiwiri lisanathe anali atazikwirira, pamene nkhosa za makolo za m'khola lomwelo zinali moyo. Nkhosa zathuzi n'zazing'ono ndipo zimakula pang'onopang'ono, koma zinazolowera nkhupakupa, dzuwa ndi msipu wouma, ndipo mchira uja ndi nkhokwe imene imasunga mafuta m'nyengo ya msipu kuti ithandizike m'chilimwe. Ku Kenya anaphunzira zimenezi mochedwa: alimi ambiri anasakaniza nkhosa zawo za Red Maasai ndi Dorper, kenaka kafukufuku anaonetsa kuti Red Maasai imapirira nyongolotsi zoyamwa magazi kuposa Dorper.

Munthu amene nkhosa yamufera ndi nyongolotsi mwezi wathawu ayambe wakonza kadyetsedwe ndi khola. Akadzatha zaka ziwiri osataya chiweto, pamenepo angaganize za mphongo yosakaniza. Chimene ndingafulumize n'kusintha mphongo imene ilipoyo, chifukwa ngati malume anakhala nayo nthawi yaitali, n'kutheka kuti zina mwa zazikazizo ndi ana ake.

Mphunzitsi wa ku Machinga

Ndikufuna kuyankha za msika, popeza ndi pamene pagona dandaulo la mayi a kunyumba. N'zoona kuti pa misika yambiri ya m'midzi anthu anazolowera mbuzi, koma kwa ife Asilamu nkhosa ili ndi malo akeake. Pa chikondwerero cha Eid al-Adha, pamene timakumbukira kumvera kwa Ibrahim, banja limene lingathe limazinga chiweto n'kugawa nyamayo kwa abale, anansi ndi osauka, ndipo nkhosa yamphongo yonenepa imafunidwa kwambiri. M'masiku amenewo ogula amayendayenda m'midzi ya ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Salima, ndipo ena amatumiza magalimoto kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Koma pali zofunika kudziwa. Chiweto cha nsembe chiyenera kukhala chopanda chilema choonekera: chosachita khungu, chosatsimphina, chosadwala ndiponso chosawonda kwambiri, ndipo chikhale chofika msinkhu woyenera. Tsiku lake silikhazikika pa kalendala imene timagwiritsa ntchito kusukulu, chifukwa timatsatira mwezi, choncho chaka chilichonse limabwerera m'mbuyo ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi. Mlimi wochenjera amafunsiratu kwa anzake Achisilamu kuti ayambe kunenepetsa ziweto zake miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike.

Mlimi wa ku Mchinji

Ndathokoza nonse, ndipo ndachita zimene munandiuza, bambo mlangizi. Mwa zinayi zotsala, ziwiri m'zikope mwake ndi mofiira, imodzi ndi moyezuka pang'ono, koma imodzi ndi moyera mbuu, ndipo ndi yomweyo imene dzulo inafika pakhola mochedwa. Ndapita kwa alangizi a ziweto a kwathu kuno, aimwetsa mankhwala, ndipo andiuza kuti ndiwaitanenso pakatha sabata ziwiri. Mnyamata uja ndamuuza kuti azidikira mame aume, ndiponso kuti asamapite nazo kumunsi kwa dambo kumene kumakhala madzi.

Pogwira yodwalayo ndinaitsegula kukamwa, ndipo ndinadzidzimuka kuona kuti ilibe mano akutsogolo am'mwamba, pamene am'munsi ndi ataliatali ndi otalikirana. Kodi ndi matenda omwewa? Funso lina n'lakuti ndili ndi chakudya cha nkhumba chogula kusitolo chimene chinatsala, ndipo ndimaganiza zoipatsako kuti ibwerere msanga m'thupi.

Wophunzira za ziweto ku Bunda

Bambo, chakudya cha nkhumbacho musaipatse ngakhale pang'ono. M'zakudya zambiri za nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe amathiramo mchere wa kopa, ndipo thupi la nkhosa silitha kutaya kopa wochuluka monga zimachitira ziweto zinazo. Amaunjikana m'chiwindi mwakachetechete kwa masabata kapena miyezi, kenaka tsiku lina amatulukira m'magazi nthawi imodzi, nkhosa n'kuchita chikasu, kukodza mkodzo wakuda, n'kufa. Ngakhale mchere wonyambita uja muziwerenga chikalata chake kuti muone ngati analembapo kuti ndi woyenera nkhosa. Ipatseni madeya pang'ono, kuyamba ndi dzanja limodzi pa tsiku n'kumaonjezera pang'onopang'ono, pamodzi ndi masamba a mtedza ouma kapena a nandolo. Madeya kapena chimanga chambiri mwadzidzidzi chimasasitsa m'mimba ndipo nachonso chimapha.

Za mano musade nkhawa, pakuti nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe zonse zilibe mano akutsogolo am'mwamba; pamalopo pali nkhama yolimba imene mano am'munsi amapanirapo udzu. Mukatsegula kukamwa kwa mbuzi zanu mupeza chimodzimodzi. Mano am'munsiwo ndi asanu ndi atatu, ndipo ndi amene amatiuza zaka. Mwana wa nkhosa amakhala ndi timano tating'ono tokhatokha. Akakwanitsa chaka, kapena kupitirirako pang'ono, awiri apakati amaguluka n'kumera akuluakulu, ndipo kuyambira pamenepo amaonjezereka awiriawiri pafupifupi chaka chilichonse, mpaka onse asanu ndi atatu atakwanira pa zaka zinayi. Mano ataliatali otalikirana amene mwaonawo akusonyeza kuti nkhosayo ndi nkhalamba, ndipo posachedwa ayamba kuguluka, zimene zidzachititse kuti izilephera kumwetula udzu waufupi wa m'chilimwe.

Mayi wa ku Dedza

Ngati ndi nkhalamba, ndiye imeneyo ikachira ndi kunenepa ndi yoyenera kugulitsa, koma muyambe mwaonetsetsa kuti ilibe bere, ndiponso mufunse alangizi masiku oyenera kudikira chiweto chikamwa mankhwala chisanaphedwe. Bere la nkhosa limatenga miyezi isanu, chimodzimodzi la mbuzi, ndipo popeza mphongo yanu imagona nazo limodzi, muyembekezere ana nthawi ina iliyonse. Ndikupempheni chinthu chimodzi chimene ine ndinachiphunzira ndi misozi. Nkhosa ikaswa, muisiye inyambite mwana wake, ndipo musamunyamule kupita naye kukhitchini poti kunja kukuzizira. Make amamudziwa mwanayo ndi fungo m'maola oyambirira omwewo, ndipo mukawalekanitsa amadzamukana, n'kumamugunda akafuna kuyamwa. Ine ndinalera kamwana kotere ndi botolo kwa miyezi iwiri, kudzuka usiku ngati ndili ndi khanda, ndipo kanakula kakunditsatira mpaka kutchalitchi. Mukonze kachipinda kakang'ono m'kholamo kuti make ndi mwana akhalemo okha masiku awiri kapena atatu, muone ndi maso anu kuti wayamwa mkaka woyamba wachikasu uja, ndipo pamchombo mupakepo ayodini.

Mlimi wa ku Mchinji

Mayi a kunyumba awerenga zonsezi, ndipo avomera kuti nkhosa zikhale mpaka tione ana oyamba, koma apereka lamulo limodzi, lakuti mphongoyo ichoke. Sabata yatha inawagunda kumbuyo akuwerama kutola nkhuni, mpaka anagwa chafufumimba ana akuona, ndipo mlandu umenewo sunathebe.

M'bale wa ku Eastern Cape

Pepani kwa alamu athu, ndipo lamulo lawolo likugwirizana ndi zimene ananena bambo mlangizi. Mphongo imene yayamba kugunda anthu kawirikawiri sisiya, ndipo nthawi zambiri imakhala ija imene ili yaing'ono ana ankaseweretsa poikankha pamutu. Kuno timaphunzitsidwa tsiku loyamba kuti mphongo usaifulatire, usaisisite pamphumi, ndipo ukaiona ikubwerera m'mbuyo itaweramitsa mutu uchoke pamzere wake, chifukwa ikutenga mtunda woti ithamangire. Pakadali pano ana ang'onoang'ono asalowe m'khola okha.

Mayi wa ku Dedza

Ine ndili ndi mphongo ziwiri za mano awiri, za makolo, zimene sindingathe kuzisunga chifukwa zazikazi zanga ndi amawo ndi alongo awo. Bambo a ku Mchinji, ngati mungapeze galimoto yopita ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi uno, mwana wanga akhoza kukumana nanu kumeneko ndi imodzi, koma muyambe mwatenga chilolezo choyendetsera ziweto ku ofesi ya zaulimi, ndipo ikafika muisunge payokha sabata zitatu musanaisakanize ndi zinzake. Yanu yogundayo musanditumizire; mulankhule ndi aphunzitsi a ku Machinga.